Wonyamula Zigamba za Makompyuta

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Ndimangokumbuka kuti chimanga chinali chitamasula, ndipo basi imene ndinakwera inaima nthawi yaitali pa siteji, kudikira anthu amene sanabwere. Itanyamuka ndinagona. Podzuka ndinali m'tauni ya njanji, kumene sitima inasiya kalekale kubwera koma anthu ankayang'anabe uku ndi uku asanawoloke.

M'tauni imeneyo ndinapeza ntchito kwa Mayi Nangozo. Anali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu, m'mene ankakonzeramo makompyuta. Anali mayi aatali, osakonda zolankhulalankhula, ndipo magalasi awo anali omangidwa ndi kawaya. Poyamba ntchito yanga inali kupukuta fumbi ndi kumasula masikuluwu. Ndinkaganiza kuti kompyuta ndi chitsulo basi: ikafa umachotsa chimene chapsa n'kuika china.

Tsiku lina anandipeza ndikusuzumira m'kati mwa kompyuta imene inalibe chopsa chilichonse koma inkangochita zamisala.

"Tseka, iwe," anatero. "Chitsulocho chilibe mlandu. Chovuta ndi chimene chimauza chitsulo zochita. Amati sisitimu. Imeneyo kulembedwa kwake sikutha."

"Amailemba ndani, mayi?"

"Anthu amene sudzawaona. Ali kutali, ena akamagona ena akudzuka. Ndipo salemba chinthu chimodzi. Pali nthambi."

Anajambula ndi chala pa fumbi la pa tebulo. Nthambi yoyamba, anatero, ndi ya mawa. Pamenepo ndi pamene olembawo amayeserapo zatsopano tsiku ndi tsiku. Lero yayenda, mawa yathyoka mwendo. Ikakhwima amadulapo nthambi ina, n'kuipatsa nambala, n'kunena kuti iyi yakhazikika. Yokhazikikayo saisinthanso nkhope. Amangoitumizira zigamba zotseka mabowo amene akuba ndi mavayirasi apeza. Ndiye pali nthambi youma, imene inali yokhazikika nthawi ina koma olembawo anaisiya. Imeneyo siilandiranso chigamba ngakhale chimodzi.

"Youmayo imayaka?" ndinafunsa.

"Imayaka bwinobwino. Ndiye vuto lake limenelo." Anafufuta chojambulacho ndi chikhatho. "Ukalowa pakhomo pa munthu, usanagwire kanthu, uyambe wadziwa kuti kompyuta yake ili pa nthambi iti. Ndipo usasakanize. Chigamba cha nthambi ina sichimatidwa pa nthambi ina."

Ndinakhala nawo mvula zingapo. Sabata iliyonse tinkalumikiza makompyuta ku intaneti n'kukoka zigamba. Tisanasamutse kompyuta ya munthu kupita pa nthambi yatsopano, ankayamba akopera zinthu zake zonse pa diski ina, ngakhale mwini wake atati akufulumira. Kenaka maso awo anayamba kuchita mdima. Ndinkawawerengera zimene zalembedwa pa sikirini, iwo n'kumandiuza podina. Mwini nyumba atafuna kachipindako kuti azigulitsiramo mowa, Mayi Nangozo sanalimbane naye. Anapita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi. Ndinawaperekeza ku basi, ndipo ine ndinakwera ina.

Panali tauni ya nkhungu, pamwamba pa mapiri a tiyi, kumene dzuwa linkatuluka mochedwa ngati munthu wodwala. Kumeneko kunali kawayilesi ka m'dera, ka zipinda ziwiri ndi mlongoti umodzi. Mkulu wake anali Lufeyo, munthu wamsinkhu wanga, wokonda nsapato zosongoka. Nyimbo, mauthenga, mawu a owulutsa, zonse zinkadutsa mu kompyuta imodzi.

"Ili pa nthambi iti?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Ya mawa, achimwene. Ife kuno sitidya mkute."

M'mawa uliwonse Lufeyo ankakoka zatsopano. Ankasangalala akaona kuti mitundu yasintha, mabatani asuntha. Ndinamuuza kuti nthambi ya mawa ndi ya anthu amene ali ndi kompyuta ina yothawirapo, anthu amene ntchito yawo ndi kupeza zolakwika n'kuuza olemba aja. Wayilesi si malo oyeserapo. Iye anaseka n'kunena kuti ndakalamba ndisanamere imvi. Ndinapempha diski ina yoti tizisungapo zimene zikuyenda bwino, kuti zikavuta tibwerere. Anati tiona.

M'mawa wina anakoka zatsopano monga mwa masiku onse. Kompyuta inazima n'kuyakanso, yokongola kuposa dzulo lake, koma yopanda mawu. Wowulutsa ankalankhula, palibe chotuluka. M'tauni monse mawayilesi ankangoti sooo.

Pakhonde panali mayi wina, dzina lawo Mayi Nachuma. Anali atayenda pansi kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Mchimwene wawo anali atamwalira, ndipo ana a malemuwo ankathyola tiyi m'maesiteti akutali, kumene foni sizigwira. Koma masana aliwonse ankasonkhana pa wayilesi ya kapitawo kumvera mauthenga a maliro.

"Mukangotchula dzina lake ndi mudzi, amva," anatero. "Amamvera anawo."

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero Lufeyo. "Ndi kavuto kakang'ono."

Ndinafufuza mpaka ndinapeza. Kapulogalamu kotulutsa mawu olemba aja anali atakachotsa kuti alembe kena kabwino. Wina kutaliko anali atalengeza kuti akonza posachedwa. Iwo analibe cholakwa. Nthambi ya mawa ndi mmene imakhalira. Koma ife tinalibe dzulo loti tibwerereko, poti dzulo sitinalisunge. Lufeyo anafuna kutenga kapulogalamu ka pa nthambi yokhazikika kuti akaike pa ya mawa. Ndinamuletsa. Nditatuluka kukamwa madzi, anakaika. Kompyuta inasiyiratu kuyaka.

Ndinayamba kumanga kuchokera pansi, pa nthambi yokhazikika. Intaneti ya m'nkhungu inkayenda ngati bilimankhwe. Mayi Nachuma ankagona kwa wachibale wawo, m'mawa n'kubwera kudzakhala pomwe paja, miyendo atatambasula. Sankatikalipira. Ndikatuluka ankangofunsa kuti, "Yayamba kulankhula?" Ndinkapukusa mutu n'kubwerera m'kati. Tsiku lina pakhondepo panalibe munthu.

Mawu atabwerera, Lufeyo anauza wowulutsa kuti awerenge uthengawo. Unawerengedwa, kuitanira anthu ku maliro amene anali ataikidwa kale. Ndinamva kuti ana aja anafika, n'kupeza mtumbira wa bambo awo utayamba kuuma.

Sipanapite nthawi, Lufeyo anandiitana akumwetulira.

"Achimwene, akuti vuto la mawu lija alikonza ku ya mawa. Ndiye akuti aikanso zina zokongola kwambiri. Bwanji tingoyesa?"

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Panalibe nkhanza pankhope yake, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinanyamula chikwama changa.

Zaka zotsatira zimandisokonekera m'mutu. Panali tauni ya pa mlatho, tauni ya fodya, tauni ya misika iwiri imene inkadana. Kulikonse ndinkalowa m'chipinda, n'kuvundukula nsalu imene afundika kompyuta, n'kufunsa funso langa. Ena ankati sakudziwa. Ena ankati bola ikuyaka. Kulikonse pa sikirini pankatuluka kabokosi kofunsa ngati mwini wake akufuna zigamba lero kapena mawa, ndipo kulikonse panali munthu amene ntchito yake yoyamba m'mawa inali kudina mawa. Mlembi wa pa tchalitchi china anandiuza kuti kabokosiko anakazolowera ngati wopemphetsa wa pageti. Tsiku limene sikanatuluke anada nkhawa.

Ndikaika zigamba palibe chimene chinkaoneka. Wakuba amene walephera kulowa palibe amamuona. Anthu ankazungulira kompyuta yawo n'kunena kuti, "Ndiye mwachita chiyani? Ikuonekatu chimodzimodzi." Ndikaisamutsira pa nthambi yatsopano ankati, "Batani langa lija mwaliika kuti?" Purinta ikatha inki mwezi wotsatira, uthenga unkanditsatira m'tauni ina kuti ndinaiwononga ndine. Kwa wina wogulitsa feteleza ananditulutsa ndi tsache, chifukwa kompyuta inali ikuzima n'kuyaka pamene makasitomala ali pamzere, ngakhale kuti nthawiyo anasankha yekha. Kwina mphunzitsi wamkulu anazula chingwe kumagetsi zigamba zili pakati polowa, ati akufuna kutchaja foni.

Ndinayamba kulankhula ndekha m'mabasi. Ndinkafotokozera zenera za nthambi zitatu, mofatsa, kuyambira pachiyambi, ndipo anthu ankasuntha kundisiyira mpando wonse.

Kenaka ndinatsikira ku chigwa chotentha, kumene anthu ankalima thonje ndipo mbuzi zinkagona pansi pa magalimoto. Kumeneko kunali chipatala chaching'ono. Anandilemba kuti ndizisamala makompyuta, koma panali imodzi imene anandiletsa kuigwira: ya mu labu, yolumikizidwa ku makina oyeza magazi. Woigwiritsa ntchito anali Esinati, mayi wa timanja ting'onoting'ono, wosachedwa kuseka.

"Ili pa nthambi iti?" ndinamufunsa.

"Ili pa tebulo," anatero, n'kuseka.

Ndinayang'ana nambala yake. Inali nthambi youma. Inauma ana amene ankabwera kusikelo asanabadwe, mwina ndi akulu awo omwe.

Mkulu wa chipatalacho, Bambo Kalitsiro, anandilandira bwino n'kundipatsa mpando.

"Ikugwira ntchito?" anafunsa.

"Ikugwira, bwana."

"Ndiye mukufuna kuchiza munthu wosadwala?"

"Zitseko zake zilibe maloko, bwana. Amene ankatseka anasiya."

"Imeneyo inabwera ndi abwenzi athu akunja. Kuti muigwire mpaka chilolezo cha ku boma."

Ndinapita ku boma. Kalaliki anandiuza kuti chilolezo chimachokera kwa amene anapereka makinawo. Ndinafunafuna ofesi yawo, n'kupeza kuti anatseka n'kubwerera kwawo. M'nyumbamo munali telala. Telalayo anandimvetsera bwino, mapini ali kukamwa, kenaka anandilangiza kuti ndikafunse ku boma. Ulendo umenewu ndinauyenda kangapo. Nthawi zonse nkhope ya kalaliki inkakhala ina, koma mawu ake omwewo.

Panali chinanso chimene chinkandisowetsa tulo. Kompyuta ya pa nthambi youma siidumphira pa yatsopano kamodzi. Imadutsa pa nthambi zapakati, imodziimodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. Ndipo nyengo iliyonse imene tinkadikira, olemba aja ankachotsa mwala umodzi pa intaneti. Ndinamufotokozera Esinati.

"Ndiye tikachedwa?" anafunsa.

"Tidzafika pa mtsinje popanda powolokera."

Sanaseke. Anapita yekha kwa Bambo Kalitsiro, koma iwo anamuuza kuti ntchito yake ndi magazi, osati makompyuta.

Tikaweruka tinkakhala pansi pa mtengo wa bwemba, tikudya masau. Ankandifotokozera za ana ake awiri, za mwamuna wake amene anapita ku migodi n'kusiya kuimba foni. Ine ndinkamufotokozera matauni, iye n'kunena kuti ndikunama, matauni otero kulibe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ulendo wanga wathera pomwepo. Ndinagula mpando ndi beseni.

Ku kompyuta ya mu labu ndinachita chokhacho chimene ndikanatha popanda chilolezo. Ndinamata tepi pa mabowo olowetsera flashi, n'kupempha aliyense kuti pasalowe kanthu. Koma tepi imamatuka. Tsiku lina pachipatala panali phwando lotsanzikana ndi namwino wina, anthu anafuna nyimbo, ndipo kompyuta ya mu labu ndi yokhayo imene inali ndi sipika. Wina anabwera ndi flashi yake, yoyendayenda m'mashopu a nyimbo a pamsika. Anavina mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake kompyuta inayaka, n'kuzima, n'kuyaka, n'kuzima. Flashi ija inali itaisiyira vayirasi. Makina oyeza magazi anali bwinobwino, nyali yake yobiriwira ikuwala, akungodikira mnzawo.

Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina wolima thonje, dzina lake Zuze, atanyamula mkazi wake pa ngolo. Mkaziyo anali woyembekezera, milomo itayera. Anamwino anafuna kudziwa za magazi ake asanampatse mankhwala aliwonse. Esinati anayesa ndi galasi lake loonera tizilombo, koma pali zina zimene maso sangawerenge. Anagwirizana zomutumiza ku chipatala chachikulu, koma ambulansi inali itapita kwina.

Zuze anandipeza pawindo la labu.

"Makina aja si amenewo?" anafunsa akuloza.

"Ndi amenewo, bambo."

"Afa?"

"Sanafe. Akusowa wowauza zochita."

Anandiyang'ana ngati ndikumunyoza. Anakonza chitenje chimene anatchingira mkazi wake ku dzuwa, n'kukwapula ng'ombe.

Tinamva pambuyo pake kuti mayiyo anapulumuka, koma anapita padera ali m'njira. Kaya makina akanathandiza, palibe angadziwe. Esinati ankati mwina. Anamwino ankati mwina ayi.

Bambo Kalitsiro anaitanitsa msonkhano.

"Kompyutayi yakhala zaka zonsezi osavuta," anatero. "Yavuta mutabwera inu. Ndipo tamva kuti munaimata tepi."

Za nyimbo palibe anatchula, poti onse anavina. Esinati anatsegula pakamwa, koma ndinamupukusira mutu. Anali ndi ana, ndipo nyumba imene ankakhala inali ya chipatala.

Atandichotsa ntchito, Esinati anandiperekeza mpaka pa msewu. Mpando ndi beseni ndinamusiyira.

"Mukanangoikonza osapempha," anatero.

"Nanga ikanafera m'manja mwanga?"

"Yafabe."

Basi inabwera, ndipo ndinakwera.

Mawondo anali atayamba kundiwawa pamene ndinafika m'tauni ya pansi pa phiri. Inali tauni ya msewu umodzi, ndipo phirilo linkaitchinga moti madzulo ankafika msanga. Kumapeto kwa msewuwo kunali kasukulu ka Mayi Dorika, kophunzitsa azimayi kutayipa ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Ophunzira ake anali amasiye, osiyidwa ukwati, ndi ena amene anasiyira sukulu panjira. Mayi Dorika anali munthu wamsinkhu wanga, wonenepa, woyenda ndi makiyi m'khosi.

Ndinavundukula chitenje pa kompyuta yoyamba. Ndisanatsegule pakamwa iwo anayamba.

"Ali pa nthambi yakale, yatsala pang'ono kuuma. Ndikudziwa. Olemba mayeso atitumizira pulogalamu yawo, ikukana kulowa. Mayeso alipo mvula isanathe. Akapanda kulemba chaka chino, ena mwa azimayiwa sadzaloledwanso kubwera kuno."

"Chilolezo ndikachitenge kwa ndani, mayi?"

"Kwa ine. Ndakupatsani."

Zoterezi ndinali ndisanazizolowere.

Ndinakopera ntchito za ophunzira onse pa diski ina, iwo ataima pambali panga akufunsa chifukwa chake, ndipo ndikayankha ankamva. Ndinaganiza kuti tsopano zikhala zosavuta. Koma m'tauni imeneyo netiweki inkagwira pamwamba pa phiri pokha, pa mwala wina waukulu umene anthu ankaimapo poimba foni. Tinkanyamula laputopu yawo n'kukwera, kuti tikoke nthambi yatsopano ndi zigamba zake, tikatsika tidzagawire makompyuta enawo.

Pa sikirini pankakhala kamzere kosonyeza zimene zalowa. Kankayenda ngati nyerere yonyamula katundu. Mtambo ukadutsa kankaima. Batire likatha tinkatsika, n'kupeza magetsi atazima. Akayaka tinkatchaja, n'kukweranso, n'kupeza pamwalapo pali mzere wa anthu oimba foni. Pansi kusukulu azimayi ankayeserera kutayipa pa makompyuta ozima, wina akuwerenga mokweza, zala zikugogoda ngati matalala pa malata. Ndikamadutsa ankasiya n'kundiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Tsiku lina kamzere kanafika pafupi ndi mapeto penipeni, kanaima, kenaka kanabwerera poyambira. Ndinatukwana, ine munthu wosatukwana. Ndinatukwana phiri, mtambo, ndi anthu akutali aja amene amaganiza kuti dziko lonse lili ndi intaneti yothamanga ngati yawo. Mayi Dorika anayang'ana kumbali ngati sanamve. Nditamaliza anandipatsa chinangwa chowotcha.

Pamapeto pake zinalowa. Ndinasamutsa makompyuta imodziimodzi, ndikuyesa kiyibodi, purinta, ndi china chilichonse ndisanapite pa inzake. Pulogalamu ya mayeso inalowa osakana. Azimayi analemba mayeso awo mvula ikugwa, ndipo potuluka ena anandigwira chanza ndi manja awiri. Mmodzi anabweretsa nkhuku.

Tsiku lotsatira ndinayatsa kompyuta yoyamba kuti ndingoisirira. Mayi Dorika anali atakwera phiri m'mamawa kukaimbira foni mwana wawo, n'kuyatsanso laputopu pamwala paja, ndipo inabwerako ndi uthenga wa olemba aja. Anandiikira patebulo kuti ndiwerenge. Uthengawo unkati adula nthambi ina yatsopano, ndipo imene tinaivutikira ija adzaisiya nyengo yokolola ikadzatha. Pansi pake panali mawu ena: apeza bowo limene akuba ayamba kale kulowerapo, chigamba chake chilipo, aliyense achiike msanga.

Ndinakhala pa benchi ya ophunzira.

"Mayi," ndinatero, "ntchito imeneyi ilibe mathero. Womanga nyumba amaloza nyumba yake. Wokumba chitsime amamwa madzi. Ine ndayenda dziko lonse, ndipo palibe chimene ndingaloze. Chilichonse chimene ndinakonza chinauma kumbuyo kwanga. Ndatopa."

Anakokera laputopu kwa iwo n'kuwerenga uthengawo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Chigambachi akuti n'chachangu?" anafunsa.

"Akutero."

"Nanga nthambi yatsopanoyo?"

"Imeneyo ingadikire. Iyambe yayenda kwa ena, tione ngati yakhazikikadi. Bola tisamuke anthu asanamalize kukolola."

"Ndiye lero ndi chigamba chokha."

Anakulunga laputopu m'chitenje n'kutenga ambulera kuseri kwa chitseko.

"Mawondo angawa, mayi."

"Tiyenda pang'onopang'ono. Batire ladzaza."

Njira inali yoterera. Tinapumula kangapo, iwo kutsogolo, ine kumbuyo ndikudandaula. Pamwamba tinapeza bambo wina ataima pamwala, akukangana ndi munthu wa pa foni za mbuzi imene inadya chimanga. Tinadikira mpaka mlandu wake utatha. Atatsika tinakhala pamwalapo, n'kutsegula laputopu. Mvula inayamba kuwaza. Mayi Dorika anatsegula ambulera n'kutchingira laputopu, ife awiri tili panja pake.

Kamzere kanayenda pang'ono, n'kuima. Ndinadikira. Sikanasunthe. Ndinatambasula dzanja kuti nditseke, tizipita.

"Isiyeni, bambo," anatero, akuyang'ana kumwamba. "Mtambowu ukudutsa."

Ndinabweza dzanja langa. Tinakhala pamwalapo, madzi akutilowa m'khosi, maso ali pa kamzere.